Cheza cha neutron ndi cha photon pa khansa ya prostate: zomwe makoswe aonetsa

Bambo wa zaka zopitirira 60 amene wayamba kudzuka kangapo usiku kukataya madzi, mkodzo n'kumatuluka mokakamiza, akafika pa chipatala chachikulu cha Mzuzu madokotala amafuna kudziwa ngati prostate, kachiwalo ka amuna kokhala pansi pa chikhodzodzo, yangokula chifukwa cha ukalamba kapena muli khansa. Nthawi zambiri kumakhala kukula chabe. Koma ikapezeka kuti ndi khansa, ndipo sinafalikire kumafupa, imodzi mwa njira zazikulu zothandizira ndi radiotherapy, imene anthu ambiri amangoti kuotcha. Chithandizo chimenechi sichipezeka m'chigawo chakumpoto, kotero munthu amatsika msewu wa M1 makilomita oposa 300 kupita ku Lilongwe, kapena kupitirira mpaka ku Blantyre, ndipo kwa zaka zambiri m'mbuyomu odwala ankachita kutumizidwa ku Lusaka, ku Dar es Salaam kapena ku India. Makina ochizira prostate m'malo amenewa pafupifupi onse amatulutsa cheza cha photon. Pali mtundu wina wa cheza, cha neutron, chimene pa mlingo wofanana chimapha maselo a khansa kuposa photon, ndipo funso loyenera kulifunsa ndi lakuti, ngati ndi champhamvu chotere, n'chifukwa chiyani dziko silinachitengere? Mbali ina ya yankho imaoneka pa zotupa za prostate zomeretsedwa mwa makoswe.

Mlingo wa cheza umawerengedwa mu gray, mwachidule Gy, ndipo Gy imodzi ndi joule imodzi ya mphamvu yotsala mu kilogalamu imodzi ya mnofu. Mphamvu imeneyi ndi yochepa modabwitsa: Gy 70, mlingo womwe kwa zaka zambiri unkaperekedwa pa prostate, sungakweze kutentha kwa mnofu ngakhale ndi gawo limodzi mwa magawo 50 a digiri. Chimene chimapha selo si kutentha, koma malo amene mphamvuyo yagwera ndi m'mene yaunjikanira pa DNA, ulusi wa mizere iwiri yopotana womwe umasunga malangizo a selo.

Photon ndi ya mtundu umodzi ndi kuwala kumene timaona ndi maso, kungoti mphamvu yake ndi yaikulu kwambiri. X-ray yojambulira chifuwa ndi ma photon, chimodzimodzinso cheza chochokera mu chitsulo chotchedwa cobalt-60 ndi m'makina otchedwa linear accelerator. Photon ikalowa m'thupi imagunda elekitironi n'kuichotsa pa atomu yake, ndipo elekitironiyo, poti ndi yopepuka komanso yothamanga, imayenda ikusiya mphamvu yake apa ndi apo, motalikirana. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kuwononga kwake sachitika mwachindunji: cheza chimaswa madzi a mu selo, ndipo zidutswa za madziwo, zomwe zimangokhalapo kwa kanthawi kochepa zedi, ndizo zimakadula DNA. Kawirikawiri umaduka mzere umodzi, ndipo selo imaulumikizanso mosavuta poonera mzere winawo.

Neutron, imene James Chadwick anaipeza ku Cambridge mu 1932, imachita zosiyana. Ilibe mphamvu ya magetsi, choncho imadutsa ma elekitironi osawalabadira mpaka itagunda phata la atomu, makamaka la haidrojeni, lomwe ndi proton imodzi yokha. Proton yokankhidwayo ndi yolemera kuposa elekitironi nthawi zoposa 1,800, imayenda mtunda waufupi, ndipo imakhuthula mphamvu yake mothithikana m'kanjira kamodzi kopapatiza. Akatswiri amayeza kuthithikana kumeneku ndi muyezo wotchedwa LET. Cheza cha cobalt-60 chili ndi LET ya pafupifupi 0.2 keV (muyezo wa mphamvu) pa micrometre (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), pamene tizidutswa totuluka neutron ikagunda timafika makumi angapo, ena mpaka 100, ndipo pa 100 pamenepo mpata wa pakati pa bala limodzi ndi linzake umakhala pafupifupi wofanana ndi kunenepa kwa ulusi wa DNA, kotero kanjira kamodzi kamadula mizere yonse iwiri nthawi imodzi. Aliyense wokhala mu Mzuzu amadziwa kusiyana kwa mvula yamawawa imene imagwa tsiku lonse ndi matalala a mphindi zochepa: madzi ofika m'munda akhoza kukhala ofanana, koma mawawa amasiya masamba a chimanga ali bwinobwino, pamene matalala amawang'amba moti sangabwererenso. Mabala a neutron pa DNA ndi ounjikana chomwecho, ndipo selo imalephera kuwakonza, kapena imawakonza molakwika n'kufa ikamafuna kugawikana.

Chinthu chachiwiri ndi mpweya wa okosijeni. Bala limene zidutswa za madzi zasiya pa DNA limakhazikika okosijeni akakhalapo. Akasowa, selo imatha kulifafaniza lisanakhazikike. N'chifukwa chake selo yosowa okosijeni imafuna ma photon ochuluka kuwirikiza 2.5 mpaka 3 kuti ife, pamene ndi neutron kusiyanaku kumatsika kufika pafupifupi 1.6. Mu 1955 Thomlinson ndi Gray anaonetsa, poyang'ana tinyama ta khansa ya m'mapapo a anthu, kuti okosijeni amangolowa mtunda wa ma micrometre pafupifupi 150 kuchokera pa mtsempha wa magazi. Kupitirira apo maselo amafa, koma pamalire penipeni pamakhala maselo amoyo osowa mpweya, ndipo amenewa ndi amene amapulumuka ma photon n'kudzameretsanso chotupa. Chachitatu n'chakuti selo siikhala yofooka mofanana nthawi zonse: ikamagawikana imaphedwa mosavuta ndi photon, ikakhala kumapeto kwa nthawi yokopera DNA yake imalimba, ndipo neutron siilabadira kwenikweni kusiyana kumeneku.

Zonsezi zimatha kuyezedwa pa maselo omeretsedwa m'mbale, koma chotupa chenicheni chili ndi mitsempha ya magazi, malo osowa mpweya ndi chitetezo cha thupi, ndipo apa ndi pamene makoswe amalowera. Mu 1961 Wilhelmina Dunning, wofufuza wa ku Miami, anapeza chotupa cha prostate chimene chinamera chokha mwa khoswe wamwamuna wokalamba wa mtundu wotchedwa Copenhagen. Makoswe a mtunduwu anabereketsedwa pachibale kwa mibadwo yambiri mpaka kukhala ofanana magazi, choncho kachidutswa ka chotupacho kakaikidwa pansi pa khungu la khoswe wina kamamera popanda kukanidwa. Chotupachi chinapatsidwa dzina lakuti R3327, ndipo posamutsidwa kuchoka pa khoswe wina kupita pa wina kwa zaka zambiri chinabala nthambi zosiyana khalidwe. Nthambi ya H imafanana ndi prostate yabwinobwino ikayang'anidwa pa maikulosikopu, imadalira mahomoni achimuna, ndipo imatenga pafupifupi masabata atatu kuti ikule kuwirikiza kawiri. Ya HI sidaliranso mahomoni ndipo imawirikiza m'masiku pafupifupi 10. Ya AT1 yatayiratu maonekedwe a prostate, imawirikiza pasanathe sabata, ndipo mitsempha yake ndi yosalongosoka moti mbali zambiri zimasowa mpweya. Palinso ya MAT-LyLu, yomwe imafalikira ku anabele ndi kumapapo. Phindu la banja limeneli ndi lakuti zotupa zonse zinachokera pa kholo limodzi, kotero kusiyana kulikonse pa m'mene zikumvera cheza kumachokera pa khalidwe lake, osati pa mtundu wa nyama.

Ntchito yake imafuna kudekha. Kachidutswa ka chotupa kamaikidwa pansi pa khungu la pantchafu, kutali ndi matumbo ndi chikhodzodzo, ndipo kakafika pa msinkhu woikika khosweyo amagonetsedwa ndi mankhwala, thupi lake limatchingidwa, mwendo wokhawo n'kusiyidwa panjira ya cheza. Makoswe amagawidwa m'magulu, gulu lililonse n'kulandira mlingo wake, ena photon, ena neutron, ena osalandira kanthu. Kenaka wofufuza amanyamula khoswe mmodzimmodzi, kangapo pa sabata, n'kupana chotupa ndi kachipangizo koyezera m'litali ndi m'lifupi, n'kulemba. M'masiku oyamba chotupa chimatha kupitiriza kukula ngakhale chalandira mlingo waukulu, chifukwa maselo ovulala safa pomwepo koma pamene ayesa kugawikana. Pambuyo pake chimafota, ndiyeno chimameranso kapena chimatheratu. Zoyeza zimakhala ziwiri: masiku amene chotupa chachedwa kufika pa msinkhu woikika poyerekeza ndi cha khoswe wosalandira cheza, kapena mlingo umene wathetseratu zotupa mwa theka la makoswe, wotchedwa TCD50. Choyeza chachiwirichi ndi chodalirika kuposa choyamba, pakuti chimanena za selo yomaliza yotha kumeretsanso chotupa, koma chimafuna kusunga makoswe kwa miyezi yambiri, ndipo chimadya nyama zambiri, chinthu chimene makomiti oona za ufulu wa nyama amayenera kuchiunika asanavomereze.

Pa zoyezazi pamatuluka nambala yotchedwa RBE, yomwe ndi mlingo wa photon wogawidwa ndi mlingo wa neutron umene wabala zotsatira zofanana. Mwachitsanzo chabe, ngati Gy 60 za photon ndi Gy 20 za neutron zachedwetsa chotupa masiku ofanana, RBE ndi 3. Pa zotupa zambiri za nyama, RBE ya neutron imagwera pakati pa 2 ndi 4. Koma pano m'pamene ambiri amasocherera, chifukwa RBE si nambala imodzi yokhazikika. Imasintha malinga ndi mphamvu ya ma neutron, mtundu wa mnofu, chimene ukuyeza, ndiponso makamaka kukula kwa mlingo wa tsiku limodzi. Photon ikaperekedwa pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, maselo amakonza mabala ambiri usiku uliwonse, ndipo mlingo wonse wofunika umakwera kwambiri. Neutron ikagawidwa chomwecho maselo sapindula kwenikweni, ndiye mlingo wake wonse umangokwera pang'ono. Zotsatira zake n'zakuti mlingo wa tsiku limodzi ukamachepa, RBE imakwera. Robert Stone, amene anayamba kuchiza anthu ndi neutron ku Berkeley mu 1938, sankadziwa zimenezi. Anatenga RBE yoyezedwa pa milingo ikuluikulu n'kuigwiritsa ntchito pa milingo ing'onoing'ono yobwerezabwereza, odwala analandira zoposa zimene iye ankaganiza, ndipo amene anakhala ndi moyo zaka zingapo anavutika ndi zilonda zosapola ndi mnofu wouma gwa. Mu 1948 iye mwini anachenjeza kuti njirayi isiyidwe, ndipo panapita zaka pafupifupi 20 Mary Catterall asanaiyambitsenso pa chipatala cha Hammersmith ku London.

Manambala omveka bwino kwambiri a banja la Dunning anachokera ku Heidelberg, m'dziko la Germany, kumene ofufuza a bungwe loona za khansa la DKFZ anayerekeza photon ndi cheza cha ma ion a kaboni (maatomu a kaboni ochotsedwa ma elekitironi), chomwe chimafanana ndi neutron pokhala cha LET yaikulu. M'zotsatira zomwe zinasindikizidwa mu 2016, za mlingo woperekedwa kamodzi, TCD50 ya photon inali pafupifupi Gy 76 pa AT1, Gy 62 pa HI ndi Gy 38 pa H. Ndi kaboni inali pafupifupi Gy 33, 30 ndi 24, kutanthauza RBE ya 2.3, 2.1 ndi 1.6. Ine ndimaona kuti chofunika pa manambalawa si kukula kwa RBE, koma kusendererana kwa milingo. Ndi photon, chotupa cholimba chinafuna mlingo wowirikiza kawiri wa chofooka. Ndi cheza chothithikana, kusiyanako kunatsika kufika nthawi 1.4 zokha. Cheza cha LET yaikulu chimachepetsa kusiyana kwa zotupa, ndipo phindu lake limakhala lalikulu pamene photon ikulephera, laling'ono pamene photon ikugwira kale ntchito bwino. RBE yokwera pa AT1 ikunena zambiri za kufooka kwa photon pa chotupacho kuposa za mphamvu ya cheza chinacho.

Apa pali chinthu chooneka ngati chotsutsana. Mu 1981 Battermann ndi anzake ku Amsterdam anayeza RBE ya neutron pa zotupa zofalikira m'mapapo a anthu, napeza kuti zokula pang'onopang'ono ndizo zinali ndi RBE yokwera, mpaka 8 pa mtundu wina wa khansa ya tiziwalo totulutsa malovu. Poti khansa ya prostate mwa anthu imakula pang'onopang'ono, izi n'zimene zinalimbikitsa madokotala kupitiriza kuiyesa ndi neutron. Nanga bwanji mwa makoswe chotupa chokula msanga ndicho chinapindula koposa? Kumasulira kwake n'kwakuti chotupa chimalimbira photon m'njira zoposa imodzi. China chimalimba chifukwa chosowa mpweya, monga AT1, ndipo izi zimaonekera kwambiri mlingo ukaperekedwa kamodzi, pakuti maselo osowa mpweyawo sapeza mpata wolandiranso okosijeni pakati pa tsiku lina ndi linzake. China chimalimba chifukwa maselo ake sagawikana kawirikawiri ndipo amakonza bwino mabala, ndipo izi zimaonekera mlingo ukagawidwa m'masiku ambiri. Cheza chothithikana chimalambalala njira zonse ziwirizi. Choncho munthu wowerenga zotsatira za makoswe ayenera kuyamba wafunsa kuti inali nthambi iti, ndipo mlingo unaperekedwa kamodzi kapena kangapo, asanakhulupirire nambala iliyonse.

Koma ntchafu ya khoswe imabisa vuto lalikulu. Prostate ya munthu ndi kachiwalo kolemera magalamu pafupifupi 20, kokhala pansi pa chikhodzodzo, kozungulira njira ya mkodzo, ndipo kumbuyo kwake kwagundana ndi thumbo lotulukira chimbudzi. Cheza chofika pa prostate chimadutsa pakhungu, mafuta ndi mafupa a chiuno, ndipo chimakhudza khoma la thumbolo. Ziwalo zabwinozi nazonso zili ndi RBE yake, ndipo ndi zimene zimapindula kwambiri ndi kugawa mlingo wa photon m'masiku ambiri, phindu limene neutron imalichotsa. Pa ziwalo zomwe zimaonetsa kuvulala mochedwa RBE imakhala 3 kapena kuposa, pa ubongo ndi pa mtsempha wa mumsana imaposa 4, ndipo mafuta amalandira mphamvu yochuluka ya neutron chifukwa ali ndi haidrojeni wambiri, n'chifukwa chake mnofu wa pansi pa khungu unkauma mwa odwala ambiri. Neutron imakhala ndi phindu pokhapokha RBE ya chotupa iposa RBE ya chiwalo chabwino choyandikana nacho. Ngati chotupa chili pa 3 ndipo thumbo lili pa 3.5, cheza champhamvucho chavulaza wodwala kuposa m'mene chavulazira khansa, ndipo kafukufuku amene wangoyeza chotupa pantchafu sangaone zimenezi ngakhale atachitidwa mosamala chotani. Palinso kusiyana kwina: prostate ya khoswe ndi yogawika m'zigawo zingapo zosiyana, khoswe satulutsa PSA (chinthu chimene madokotala amayeza m'magazi a munthu pofufuza khansa ya prostate), ndipo nthambi monga AT1 imachita m'sabata imodzi zimene khansa ya bambo wokalamba imachita m'miyezi kapena m'zaka.

Zoyesa pa anthu zinatsimikiza mbali zonse ziwiri. M'kafukufuku wa ku America wotchedwa RTOG 77-04, wa odwala 91 a khansa ya prostate yokula koma yosafalikira kutali, amene analandira neutron yophatikiza ndi photon anali 70 pa 100 opanda chotupa chobwerera pamalopo patatha zaka 10, pamene a photon yokha anali 58 pa 100, ndipo amoyo anali 46 pa 100 poyerekeza ndi 29 pa 100. Kafukufuku wotsatira, wa odwala 178, anayerekeza Gy 20.4 za neutron yokha m'magawo 12 ndi Gy 70 za photon. Patatha zaka 5, khansa inabwerera pamalopo mwa 11 pa 100 a neutron ndi 32 pa 100 a photon, koma kuvulala kwakukulu kobwera mochedwa, makamaka kwa matumbo, kunali 11 pa 100 pa neutron ndi 3 pa 100 pa photon, ndipo kutalika kwa moyo sikunasiyane. Chochititsa chidwi n'chakuti kuvulalako kunachuluka m'zipatala zomwe makina ake sankatha kuumba cheza motsata maonekedwe a prostate, pamene ku University of Washington ku Seattle, kumene makina anali ndi timasamba tachitsulo tosuntha totchinga ziwalo zabwino, kunali kochepa kwambiri.

Ngakhale zinali choncho, malo ochizira ndi neutron anayamba kutsekedwa limodzi ndi limodzi. Kupanga ma neutron olowa mkati mwa chiuno kumafuna makina aakulu othamangitsa ma proton n'kuwawombetsa pa chitsulo cha beryllium, makoma okhuthala a konkire, ndi akatswiri ambiri. Mu Africa chithandizochi chinkaperekedwa kuyambira mu 1988 pa malo omwe masiku ano amatchedwa iThemba LABS pafupi ndi Cape Town, ndipo cha ku Fermilab ku America, chomwe chinayamba mu 1976, chinatha mu 2013. Nthawi yomweyo photon inapita patsogolo. Kujambula kwa CT ndi makompyuta zinalola kuumba cheza mozungulira prostate n'kukweza mlingo kufika Gy 78 kapena 80 popanda kuwononga thumbo, ndipo kuphatikiza radiotherapy ndi mankhwala otsitsa mahomoni achimuna kunatalikitsa moyo wa odwala a khansa yokula. Amene akufunabe ubwino wa LET yaikulu anatembenukira ku ma ion a kaboni, ku Chiba m'dziko la Japan kuyambira 1994 ndi ku Heidelberg, chifukwa kaboni amakhuthula mphamvu yake pakuya poikika n'kuima, pamene neutron imavulaza zonse za panjira yake.

Ndi maganizo anga kuti Malawi sakuyenera kulakalaka makina a neutron, ndipo sindikunena izi chifukwa cha umphawi wokha. Chimene kafukufuku ameneyu wasiyira wodwala wa ku Chibavi, ku Ekwendeni kapena ku Chitipa ndi kumvetsa m'mene kukula kwa mlingo wa tsiku limodzi kumasinthira zotsatira. Mu 1999 Brenner ndi Hall anawerengera kuti khansa ya prostate, mosiyana ndi khansa zambiri, imamva kwambiri mlingo waukulu wa tsiku limodzi, ndipo kafukufuku wa ku Britain wotchedwa CHHiP, wosindikizidwa mu 2016, anaonetsa kuti Gy 60 m'magawo 20 zimagwira ntchito mosachepera Gy 74 m'magawo 37. Kwa bambo wochokera kumpoto amene ayenera kupeza pogona ku Lilongwe, kudyetsa womudikirira ndi kusiya munda m'manja mwa ena, kumeneku n'kusiyana kwa masabata anayi ndi masabata oposa asanu ndi awiri, ndipo kwa chipatala n'kuchiza odwala pafupifupi awiri pa nthawi ya makina imene kale inkakwanira mmodzi. Koma mlingo waukulu wa tsiku limodzi umafuna kulunjika kosalakwitsa, kutanthauza makina oyezedwa pafupipafupi, akatswiri a physics ya zachipatala okwanira, ndiponso wodwala wofotokozeredwa bwino m'chinenero chake chifukwa chimene ayenera kugona patebulo chikhodzodzo chili chodzaza ndi thumbo lili lopanda kanthu, mofanana tsiku lililonse, kuti prostate ipezeke pamalo omwewo pamene cheza chalozedwa.